Mikono ya Thirakitala Ikakana Kunyamula Pulawo

Kabuku ka mabanja ndi magulu a alimi a ku Lichinga ndi madera ozungulira

Vuto lobwera pa nthawi yolakwika

Mvula yoyamba ikagwa ku Lichinga mu Novembala kapena Disembala, mwini thirakitala sagona tulo. Wa chimanga ku Chimbunila akumudikira, wa nyemba ku Sanga akumuitana, wa mbatatesi analipira kale. Ndiye tsiku lina injini ikulira bwinobwino, matayala akuyenda, koma pulawo yangoti gwa pansi, mikono yakumbuyo yakana kuinyamula. Banja limataya ndalama za ganyu, ndipo onse odalira thirakitalayo amabzala mochedwa.

Zikatere anthu amathamangira kunena kuti pampu yafa. Kawirikawiri sikuti yafa. Mwina oyilo watha kapena walowa madzi, sefa yatsekeka, kalabala kakang'ono kang'ambika, kapena liva ili pamalo olakwika. Pampu yatsopano imadya ndalama zambiri, ndipo mukaimiza mu oyilo wakuda yemwe uja, nayonso sikhalitsa. Choncho musagule kanthu musanafufuze.

Ku Niassa kuno mathirakitala anabwera m'nyengo zosiyanasiyana. Dziko litalandira ufulu mu 1975, minda ya boma monga ya ku Matama ndi ku Unango inalandira makina ochokera kunja. Ena anabwera ndi alimi a ku South Africa pa ndondomeko ya Mosagrius imene inayamba mu 1996, ena anthu anagula ogwiritsidwa kale ntchito. Kabuku kano kakunena makamaka za Massey Ferguson 35 ndi 135, pamodzi ndi abale ake monga 165, 240 ndi 290, amene mkati mwake munapangidwa mofananako. MF 135 inayamba kupangidwa mu 1964. Ndi makina okalamba, koma anapangidwa moti munthu wodekha wokhala ndi masipanala wamba angathe kuwakonza.

Mmene pampu imagwirira ntchito

Nzeru yonyamula pulawo pa mikono itatu ndi mphamvu ya oyilo inafala chifukwa cha Harry Ferguson wa kumpoto kwa Ireland, amene thirakitala yake yotuwa ya TE20 inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946.

Pa Massey Ferguson zakalezi pampu simungaione kunja. Ili mkati, pansi pa mpando wa dalaivala, yomira mu oyilo. Ili ndi mapisitoni anayi, ndipo imayendetsedwa ndi shafuti yochokera ku giyabokosi, mzere womwewo umene umakathera ku PTO, shafuti yotulukira kumbuyo yozungulitsa zipangizo. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi ka mjigo: pisitoni ikabwerera imakoka oyilo kudzera pa kavalavu kamodzi, ikapita patsogolo imamukankha kudzera pa kavalavu kena. Oyiloyo amakwera m'paipi yoima chilili mpaka ku silinda imene ili kunsi kwa chivundikiro chachikulu chapansi pa mpando. M'silindamo muli pisitoni yaikulu yokankha mikono.

Pali mavalavu ena awiri oyenera kuwadziwa. Valavu yolamulira ndi imene imamvera maliva a pambali pa mpando: imalowetsa oyilo m'pampu kuti mikono ikwere, imamutsekera kuti iime, imamutulutsa kuti itsike. Valavu yotetezera imatseguka yokha mphamvu ikapyola muyeso. Pa MF 35 muyesowu ndi pafupifupi 170 bar, kapena kuti 2,500 psi.

Chachikulu kwambiri ndi ichi. Oyilo wa pampu ndi yemweyo amene amasambitsa magiya ndi ekiselo yakumbuyo, malita pafupifupi 30 pa MF 35 ndi 135. Tizitsulo toperepeseka ku magiya, fumbi lofiira la m'minda mwathu, madzi a mvula olowera pa labala wong'ambika, zonsezi zimatsikira pansi pomwe pampu imamwera.

Musanagwire sipanala

- Imikani thirakitala pamalo athyathyathya, mangani mabuleki, ikani miyala kapena mitengo kumatayala.
- Musalowe pansi pa pulawo kapena halo yonyamulidwa ndi mikono yokha. Kalabala kakaphulika, chitsulocho chimagwa nthawi yomweyo. Itsitseni pansi kapena muichirikize ndi zipika zolimba.
- Musalowetse dzanja mkati injini ikulira. Mulimo magiya ndi shafuti zozungulira.
- Musafufuze pamene paipi ikudontha ndi chala. Gwiritsani ntchito katoni. Oyilo wa mphamvu chotere amaboola khungu, bala lake limaoneka ngati kadontho koma mkati mnofu umawonongeka. Zikachitika pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngati n'kotheka ku Hospital Provincial de Lichinga, mukanene poyera kuti oyilo wa makina walowa m'thupi.
- Ana akhale kutali. Amakonda kuima kumbuyo kwenikweni kumene kuli ngozi.

Zoyamba kuyang'ana, zosalira ndalama

1. Maliva. Pa MF 135 pali maliva awiri, ina yolembedwa DRAFT, ina POSITION. Pogwiritsa ntchito imodzi, inzake iyenera kukhala pamwamba. Mwana akaseweretsa kapena dalaivala watsopano akasiya imodzi pansi, mikono sikwera ngakhale pampu ili yabwino.
2. Kilatchi. Pa thirakitala ya kilatchi ya magawo awiri, mukaponda theka imaima kuyenda koma pampu imazungulirabe, mukaponda mpaka pansi pampu nayo imaima. Lumikizani PTO muone. Ngati sikuzungulira, kapena ikuterereka ikapatsidwa ntchito, vuto lili ku kilatchi. Pa TE20 pampu siyenda PTO isanalumikizidwe.
3. Mikono yeniyeniyo. Chotsani pulawo, zimitsani injini, yesani kukweza mikono ndi manja. Ngati yauma ndi dzimbiri, kapena unyolo wakola penapake, pampu ilibe mlandu.
4. Mulingo wa oyilo. Tsitsani mikono, dikirani pang'ono, solani ndodo yoyezera imene ili pa chivundikiro chozungulira cha kudzanja lamanja.
5. Maonekedwe a oyilo. Pakani pang'ono pa pepala loyera. Woyererako ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Wonyezimira ali ndi tizitsulo. Wakuda wonunkha kupserera watha ntchito.

Zimene zizindikiro zikunena

Mverani thirakitala yanu musanaitsegule, chifukwa kadwalidwe kake kamaloza komwe kuli nthenda.

- Ikunyamula bwino m'mawa, koma ikagwira ntchito ola limodzi yafooka. Oyilo akatentha amapyapyala n'kumapulumukira m'malo otha. Penapake mkati pakudontha, kapena pampu yathadi.
- Ikuchedwa m'mawa wozizira wa Juni ndi Julayi, koma ikatenthedwa ikuchita bwino. Oyilo ndi wolimba kwambiri, kapena sefa yatsekeka. Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300, kuzizira kwake n'kosiyana ndi kwa ku Cuamba kapena Metangula, choncho vutoli kuno si lachilendo.
- Ikunyamula, koma mukazimitsa injini pulawo ikutsika msanga. Ganizirani maringi a pisitoni ya m'silinda, timalabala ta paipi yoima ija, kapena valavu yolamulira.
- Pulawo ili m'mwamba koma ikungogwedezeka, kutsika pang'ono n'kukweranso. Pampu ikubwezeretsa oyilo amene akutayika mkati. Kugwedezeka kukamachitika pafupipafupi, ndiye kuti podonthapo pakula.
- Ikukwera monjenjemera. Timavalavu ta mbali imodzi ya pampu sitikutseka bwino.
- Yakwera koma yakana kutsika, kapena sikumvera liva n'komwe. Valavu yolamulira yakakamira ndi dzimbiri kapena litsiro. Izi zimakonda kuchitika thirakitala ikakhala miyezi osayenda muli madzi.
- Ikafika pamwamba ikulira mokwiya ndipo injini ikulemedwa. Valavu yotetezera ikutseguka chifukwa maliva sanatcheredwe bwino. Bwezani liva pang'ono msanga, mukapitiriza oyilo atentha.
- Pansi pa mpando pakumveka kugogoda pamene ikunyamula. Apa mpomwe tinganene kuti zitsulo za m'pampu zadyeka.

Amene muli ndi Belarus MTZ-80 kapena MTZ-82, dziwani kuti yanu ndi yosiyana. Pampu yake ndi ya magiya, ili ndi thanki yakeyake ya oyilo, ndiponso ili ndi kachogwirira koilumikizira, kamene anthu amaiwala. Oyilo wa m'thanki akachita thovu, mpweya ukulowa pa njira yokokera oyilo. Pogula pampu yotere onetsetsani mbali imene imazungulira, chifukwa zilipo zozungulira kumanja ndi zozungulira kumanzere.

Kusuzumira mkati

Iyi ndi njira imene imapulumutsa ndalama zambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amaidumpha.

1. Tsukani thirakitala mozungulira chivundikiro cha kudzanja lamanja, matope asagwere mkati.
2. Masulani bawuti yapansi ya chivundikirocho, tcherani beseni loyera, oyilo atuluke mpaka asiye yekha.
3. Chotsani chivundikiro. Pa MF 135 pamakhala kaliva kena pa chivundikiro chomwechi, choncho jambulani ndi foni musanachotse kuti mudzabwezeretse momwe zinalili.
4. Mangirirani pulawo yolemera. Wina akhale pa mpando, alize injini, anyamule pulawo, kenako azimitse.
5. Unikani ndi tochi, manja ali kumbuyo.

Oyilo akamatsika kuchokera pamwamba, kukamwa kwa silinda, vuto ndi maringi a pisitoni kapena silinda yokandika. Akamatsetsereka m'mbali mwa paipi yoima, ndi timalabala take, kapena paipiyo yang'aluka. Pamwamba pakakhala pouma koma oyilo wapansi akuwinduka pafupi ndi pampu, ganizirani valavu yotetezera, valavu yolamulira kapena timavalavu ta pampu. Madontho apatalipatali pa thirakitala ya zaka zambiri asakudetseni nkhawa. Choopsa ndi oyilo woyenda ngati kamtsinje.

Ngati kwanuko kuli makaniko wokhala ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, mulipireni ayeze. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa, ndipo imathetsa mkangano wakuti pampu ili moyo kapena ayi.

Zokonza zotsika mtengo

*Kusintha oyilo.* Chitani thirakitala itangochoka ku ntchito, oyilo akali wotentha. Tsitsani maliva onse kuti wa m'silinda atulukenso. Pansi pali mapulagi awiri, ina ku giyabokosi, ina chakumbuyo, ndipo muyenera kumasula onse. Ngati ali ndi maginito, pukutani tizitsulo tomatirirapo. Phala lakuda lotsalira pansi lichotseni kudzera pa zivundikiro za m'mbali ndi palafini kapena dizilo, injini ili yozimitsa, ndipo mudikire zonse zikhe. Ena amathira dizilo n'kuyendetsa thirakitala kuti itsukike. Ife sitilimbikitsa zimenezo pa pampu yokalamba, chifukwa dizilo sateteza zitsulo zokhulana.

Thirani oyilo wa mathirakitala wolembedwa UTTO kapena STOU, wa m'chigubu chomata. Pewani oyilo wa magiya wolembedwa GL-5, ndi wolimba pozizira ndipo wina amadya zitsulo za mkuwa zimene zili m'pampu. Sinthani kamodzi pachaka, ndiponso nthawi iliyonse mukaona kuti walowa madzi.

*Sefa.* MF 35 zoyambirira zinalibe sefa, koma zobwera pambuyo zili nayo pakamwa pa pampu. Pa zina mumaifikira pochotsa chivundikiro cha m'mbali, pa zina pali kachivundikiro kunsi. Itsukeni ndi palafini, iume, muibwezere. Yobooka isintheni.

*Timalabala ta paipi yoima.* Pa chivundikiro chachikulu, chakutsogolo kudzanja lamanja, pali kachitsulo komangidwa ndi mabawuti awiri. Mikono ili pansi ndipo injini ili yozimitsa, kamasuleni, solani paipi, sinthani ma O-ring a kumwamba ndi a kunsi. Pobwezera pakani oyilo, ndipo muonetsetse kuti kunsi yalowadi m'bowo la pampu musanamange.

*Malabala a pa ndodo za magiya ndi a pa sipuling'i yaikulu ya kumbuyo kwa mpando.* Awa ndiwo makomo a madzi. Mvula ya kuno imagwa mpaka Epulo, ndipo thirakitala yogona panja ndi malabala ong'ambika imamwa madzi usiku uliwonse. Ndi otsika mtengo. Podikira atsopano, mangani pulasitiki kapena chidutswa cha chubu, ndipo mumangire thirakitala kachisakasa ngakhale ka udzu.

Zolakwa zofala

- Kuthira oyilo wakale wochokera mu injini, kapena wogula m'mabotolo osamata. Muli mwaye ndi mchenga.
- Kutungira oyilo m'ndowa imene munali madzi kapena fetereza, ndi kupukuta mkati ndi nsanza zothothoka ulusi.
- Kumangitsa valavu yotetezera kapena kuikamo mawashala kuti inyamule kwambiri. Mphamvu yopanda pothawira imang'amba silinda kapena chivundikiro chachikulu. Valavu yofooka isintheni ndi ya muyeso womwewo.
- Kusiya pulawo m'mwamba usiku wonse.
- Kuthamanga pa msewu wa mabampu pulawo ikudumpha kumbuyo.
- Kupachika halo yaikulu yopangidwira thirakitala ya mphamvu zoposa yanu.
- Kukoka chitsa kapena galimoto yotitimira pomangirira unyolo pamwamba, pa mkono wachitatu. Kuwonjezera pa kuwononga zamkati, thirakitala imatha kugudubukira chagada n'kupha dalaivala. Kokerani pa chokokera chapansi.
- Kuwoloka mtsinje wodzaza osayang'ana oyilo pambuyo pake.

Kutulutsa pampu

Mukatsimikiza kuti vuto lili m'pampu, musayambe nokha ngati simunaonepo ntchitoyi. Itanani makaniko woidziwa, inu mukhale pambali pake mukuphunzira. Nthawi yabwino ndi Ogasiti kapena Seputembala, ganyu isanayambe, koma popeza ndi nyengo ya mphepo ndi fumbi, gwirirani m'nyumba kapena motchingidwa. Pa MF 35 ndi 135 ndondomeko yake ndi iyi:

1. Khuthulani oyilo yense, chotsani mpando ndi zivundikiro ziwiri za m'mbali.
2. Solani paipi yoima.
3. Kudzera pa bowo la kumanja, masulani polumikizira maliva ndi valavu yolamulira. Mukaiwala apa, timikono ta mkati tipindika ponyamula chivundikiro.
4. Masulani mikono yakunja ndi mabawuti a chivundikiro chachikulu. N'cholemera kwambiri chifukwa silinda imabwera nacho. Nyamulani anthu awiri amphamvu kapena ndi tcheni, mowongoka.
5. Chotsani kapini ndi cholumikizira cha shafuti imene imadutsa pamwamba pa pampu.
6. Solani shafuti ya PTO chakumbuyo.
7. Kunja, mbali zonse ziwiri, kuli mapini ogwira pampu. Achotseni, kenako tulutsani pampu chakumwamba.

Yalani pepala loyera kapena lata lotsuka, ndipo chilichonse mukuchotsa muchiike mu mzere momwe chatulukira, za kumanja pazokha, za kumanzere pazokha. Jambulani pa sitepe iliyonse. Yang'anani mapisitoni ndi mabowo ake ngati akandika moti chikhadabo chikukola, timavalavu ndi pokhalira pake ngati pakumbika, tisipuling'i ngati tathyoka, zitsulo za mkuwa ngati zikugwedera pa shafuti, ndi valavu yolamulira ngati ikuyenda mosalala.

Ngati thupi la pampu ndi shafuti yake zili bwino, gulani phukusi la zokonzera, limene limakhala ndi mapisitoni, maringi, timavalavu ndi malabala. Ngati shafuti yadyeka, kapena thupi lang'aluka, gulani pampu yathunthu. Kuwotcherera zitsulo za m'pampu n'kutaya nthawi ndi ndalama. Popeza chivundikiro chachikulu chili kale pansi, sinthiranitu maringi a pisitoni ya m'silinda, kuti musadzatsegule kawiri.

Pokagula zipangizo

Mapampu a Massey Ferguson amaoneka ofanana koma alipo a mitundu ingapo. Ena shafuti yake ili ndi mano 10, ena 21. Werengani mano a yanu, lembani nambala ya thirakitala imene ili pa kachitsulo pafupi ndi chiwongolero, ndipo ngati n'kotheka nyamulani pampu yakaleyo m'thumba. Thirakitala yakale imakhala itadutsa m'manja ambiri, mwina pampu imene ilimo si imene inabwera nayo. M'masitolo a kuno mufunse bomba hidráulica. Zikasowa mu Lichinga, msewu wa N13 umakufikitsani ku Cuamba ndi ku Nampula, ndipo ena amadutsa pa Mandimba ndi Chiponde kupita ku Mangochi, Blantyre kapena Lilongwe. Mukagula kunja sungani lisiti yokaonetsa pa chipata. Gwirizanani ndi wogulitsa musanalipire kuti chikapanda kukwana mudzabweza. Magulu a alimi okhala ndi mathirakitala ofanana angachite bwino kuitanitsira pamodzi ma O-ring, magasiketi ndi malabala, n'kumasunga.

Kubwezeretsa ndi kuyesa

Tsukani mkati monse musanaikemo pampu. Chilichonse choyenda chipakeni oyilo watsopano, ndipo muzungulitse shafuti ya pampu ndi dzanja kuti mumve ngati ikuyenda popanda kukola. Ikani magasiketi ndi ma O-ring atsopano okhaokha. Silikoni musamuchulutse, wotsala amagwera mkati n'kukatseka sefa. Mabawuti a chivundikiro chachikulu amangeni pang'onopang'ono mosinthanasinthana, osati kumaliza imodzi kenako inzake.

Thirani oyilo mpaka pa mzere. Lizani injini motsitsa, popanda pulawo, ndipo kwezani ndi kutsitsa mikono kangapo kuti mpweya utuluke. Mikono ikafika pamwamba iyenera kuima yokha, popanda kulira kwa valavu yotetezera. Ikalira, maliva akufunika kutcheredwa motsata buku la thirakitala yanu. Kenako mangirirani pulawo, inyamuleni, zimitsani injini, aliyense ataima patali, muone ngati ikukhala m'mwamba kwa mphindi zingapo osatsika mooneka. Kalimeni mizere ingapo mpaka oyilo atenthe, yesaninso, ndipo muyezenso mulingo, chifukwa silinda ndi paipi zimakhala zatengako wina.

Oyilo wakale musamutayire pansi, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Musungeni m'chigubu chotseka, cholembedwa bwino, kutali ndi ana ndi ziweto. Lembani m'kope tsiku limene mwasintha oyilo, mtundu wake ndi zipangizo zimene mwaika, ndipo kopelo lizikhala ndi mwini thirakitala kapena mlembi wa gulu, madalaivala akamasinthana.